Tsiku Limene Ndinawayankhira Amayi kwa Dokotala

Amayi anga anayamba kufupika ife tikuona. Sindikunena nthabwala. Munthu amene moyo wake wonse ankayanika zovala pachingwe osanyanyamphira n'komwe, chaka china tinangopeza akukokera chingwecho pansi ndi chogwirira cha ambulera. Msana unayamba kupindika cham'mwamba muno, ndipo bulauzi yawo yoyera ya kumpingo inkakwera kumbuyo n'kumalendewera kutsogolo. Ana tinalipo awiri, ine ndi achimwene anga amene amagwira ntchito ku Joni, ndipo tonse tinkangoti ndi ukalamba, nanga munthu angakhale wowongoka mpaka liti.

Kenaka anaterereka pakhonde la nyumba yawo ku Chirimba, mvula itangokata, dzanja n'kuthyoka. Kugwa kwake kunali kwa masewera, koti mwana amangodzuka n'kusasa zovala. Dzanjalo lisanapole bwinobwino, tsiku lina ananyamula ndowa ya madzi yosadzaza n'komwe, n'kumva kuti tswa kumsana. Kuyambira pamenepo ankayenda atagwira khoma. Kuchipatala atawajambula, anatiuza kuti mafupa awo afumbwa m'kati ngati chimanga chokhalitsa m'thumba, choti kunja chimaoneka chabwinobwino koma ukachifinya chimanyenyeka. Anati lotsatira likhoza kukhala fupa la m'chiuno, ndipo limenelo likathyoka pa msinkhu wawo, ambiri sadzukanso.

Amayi sankaopa imfa, ankaopa mphasa. Akulu awo anathyoka m'chiuno momwemo n'kugona zaka ziwiri, ndipo amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwatsuka zilonda anali amayi anga omwewa. Tikubwerera kunyumba pa minibasi tsiku limene anawajambula lija, atakhala chokhota kuti msana usagunde mpando, anandikoka mkono.

"Iwe, ine zoti muzinditembenuza ngati chitumbuwa m'mafuta ayi. Chitani zimene mungathe."

Mawu amenewo ndinawatenga ngati lamulo. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ku Limbe, kulemba makalata a mabwana ndi kuyankha lamya, ndipo ndivomereze pano kuti ndine munthu wodzimva. Chizungu ndimachitha, ndipo ndimafuna anthu adziwe kuti ndimachitha. Kwathu chilichonse chokhudza mapepala, mzere wa kubanki kapena munthu wovala tayi chimabwera kwa ine. Ndinafunsafunsa kwa anzanga akuntchito mpaka ndinapeza dokotala wa mafupa pa chipatala china cholipira cha m'tauni, ndipo achimwene anati iwo alipira zonse, ine ndingowatengera amayi kumeneko.

M'mawa wa tsikulo ndinalawirira ku Chirimba. Ndinawapeza atasamba kale, atavala chitenje chawo cha pa Sabata, atakhala pampando pafupi ndi khomo. Ndinawafunsa buku la kuchipatala, lija aliyense amayenda nalo kuti madokotala azilembamo. Analitulutsa m'jumbo ya shuga. Abale inu, bukulo! Linali lotupa, chikuto chake chosokedwa ndi ulusi wakuda, pakona pali banga la mafuta ophikira, ndipo kumbuyo anaphatikizako mapepala ena ndi phini wa thewera. Linkanunkha utsi ndi mankhwala opaka.

"Amayi, ichi n'chiyani? Kumene tikupitaku ndi kwa anthu. Mukufuna aziti mwana wawo sasamala?"

"Ndi buku langatu limenelo."

"Tigula lina panjira. Ilili lisiyeni, lapuma."

Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, kenaka anangotseka. Analibweza m'jumbo muja n'kuliika pamwamba pa kabati. Ine ndinaona ndithu kuti anafuna kuyankhula, koma maso anga anali pa wotchi. Tinagula buku latsopano kwa mayi wina wogulitsa zolembera ndi maenivelopu pafupi ndi chipata cha chipatalacho, ndipo ndinalemba dzina la amayi pachikuto ndi zilembo zanga zokongola za mu ofesi.

Dokotalayo anali wachinyamata, waulemu wake. Anawapatsa moni amayi m'Chichewa, koma ine ndinalowerera m'Chizungu ndisanakhale n'komwe pansi, ndipo nkhani yonse inapitirira m'Chizungu. Aliyense amene anaperekezapo munthu wachikulire kuchipatala akudziwa mmene timachitira. Wodwala amakhala phee, manja pamiyendo, woperekeza ndiye amadwala m'malo mwake. Kukupweteka pati? Timayankha ndife. Zinayamba liti? Ndife. Timati tikuwapeputsa, tikuwalemekeza, kuti asavutike ndi mafunso. Dokotalayo anatsegula buku lija, n'kupeza masamba oyera okhaokha, ndipo anafunsa ngati pali lakale. Ndinati linatha, ndipo munalibe zambiri, malungo ndi chimfine basi.

Atayang'ana zithunzi za msana, anafotokoza kuti njira zilipo ziwiri. Pali mapiritsi akumwa kamodzi pa sabata, m'mawa usanadye kanthu, amene amaletsa mafupa kupitiriza kufumbwa koma amagwira pang'onopang'ono. Palinso jakisoni wa mwezi ndi mwezi amene amamanga fupa mwamsanga, woyenera anthu amene athyoka kale ngati amayi. Jakisoniyo anati kuno sapezeka wamba, koma ngati tili ndi m'bale kunja, iye akhoza kulemba kalata. Kenaka anaika cholembera pansi n'kunena kuti pali funso limodzi lofunika kwambiri. Jakisoniyo saperekedwa kwa munthu amene mtima wake unagwidwapo posachedwa, kapena amene anachitapo sitiroko, chifukwa akhoza kuwonjezera ngozi yoti zichitikenso. Kodi amayi anadwalapo mtima m'chaka chapitachi? Anamvapo kupweteka kapena kuthina pachifuwa?

Ndinayankha ndisanawayang'ane n'komwe. Ndinati ayi, ali ndi bipi yokha, ndipo amamwa mankhwala ake. Ndinawonjezeranso, ndikuseka, kuti mtima wa amayi anga ndi wolimba kuposa wanga.

Mnyamatayo ntchito yake ankaidziwa, zimenezo sindingamunamizire. Anatembenuka n'kuwayang'ana amayi, n'kubwereza funso lonse m'Chichewa, pang'onopang'ono. Amayi anayang'ana pansi, n'kukonza chitenje pamaondo.

"Monga wanenera mwanayu, adokotala."

Tinasankha jakisoni. Kunena zoona ndinasankha ndine, chifukwa amayi anga ankayenera chinthu chapamwamba, osati timapiritsi. Achimwene anathamangathamanga ku Joni kuja, mankhwala anabwera m'kabokosi kozizira, ndipo ankasungidwa mu firiji ya kuchipatala komweko poopa kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno. Mwezi uliwonse ndinkapempha theka la tsiku kuntchito, n'kuwatenga amayi kukabayitsa. Pobwerera tinkaima m'tauni, ndinkawagulira sikono ndi tiyi, iwo n'kumadandaula kuti tiyi wa m'tauni ndi madzi otentha ongosintha mtundu.

Miyezi imeneyo inali yokoma, ndipo sindifuna kuichotsera kanthu. Kaya anali mankhwala, kaya msana unangopola wokha, kaya unali mtima wachiyembekezo, koma amayi anasiya kugwira khoma. Anabwereranso ku msonkhano wa amayi a mpingo wa Lachinayi, akuyenda okha ndi ndodo, ndipo ankandiimbira lamya kundiuza amene wayambitsa nyimbo molakwika. Ine ndinkauza aliyense mu ofesi za jakisoni wochokera ku Joni, ngakhale amene sanandifunse. Nthawi zina ndinkawapeza atakhala pakhonde akusisita pachifuwa, ndikafunsa ankati ndi mpweya wa nyemba. Ndinkawagulira soda n'kumapita.

Patapita sabata ziwiri chibayireni jakisoni wachitatu, Loweruka masana ndikuchapa kwathu ku Chigumula, lamya inalira. Anali mayi oyandikana nyumba ndi amayi, mnzawo wa zaka zambiri. Ndi Asilamu, amuna awo anali oyendetsa malole, ndipo ubwenzi wawo ndi amayi unali woti m'khitchini mwathu munali poto mmodzi amene sankaphikidwamo nyama ya nkhumba, wosungira iwowo akabwera. Sanandipatse n'komwe moni.

"Mwanawe, bwera msanga. Zayambanso zija. Tili pa galimoto, tikupita ku chipatala chachikulu."

"Zija ziti, amayi?"

Ndinkamva hutala ndi mawu a munthu akubuula.

"Ungobwera."

Ulendo wa ku Chigumula kukafika m'tauni sunanditalikirepo ngati tsiku limenelo. Minibasi inaima ku Limbe kudikira kuti idzaze, ndipo ndinamukalipira kondakitala mawu amene sindingawalembe pano. Nditafika ndinapeza amayi atawagoneka, atawaika mpweya kumphuno, nkhope itatuwa, thukuta lili kamukamu pachipumi. Dokotala wamkazi amene ankawaona anali ataima chapambali akuwerenga buku. Linali lakale lija, la ulusi wakuda. Mnzawo uja ndiye analitsitsa pakabati pothamanga, chifukwa iwo buku la amayi ankadziwa limenelo.

Dokotalayo anandifunsa ngati ndine mwana wawo, kenaka anandionetsa tsamba lina chakumapeto. Zolemba za madokotala sindizitha kuwerenga, koma tsiku ndinaliwerenga. Panali patapita miyezi isanu ndi iwiri yokha kuchokera tsiku limenelo kufika tsiku limene tinapita kwa dokotala wa mafupa. Dokotalayo anati amayi anagonekedwapo masiku atatu m'chipatala chomwecho mtsempha wa magazi wa kumtima utatsekeka, ndipo anauzidwa kuti azibwera kudzaonedwa, koma anabwera kamodzi kokha. Tsopano zachitikanso, ndipo ulendo uno zakula. Anafunsa ngati pali mankhwala ena amene akulandira. Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa buku langa loyera lija, limene ndinkayenda nalo ine. Anawerenga, n'kuyang'ananso lakale, n'kundiyang'ana ine. Kenaka anayamba kulemba.

Tsiku la m'bukulo ndinalikumbukira bwinobwino. Inali sabata imene tinkakonzekera ukwati wa mwana wanga wamkazi, ine mutu utaima ndi makadi, madiresi ndi misonkhano ya komiti. Amayi anandiimbira kuti apita ku maliro a msuweni wawo ku Chiradzulu, abwera pakatha masiku atatu, ndisavutike. Ndinati chabwino, muyende bwino, ndipo mumtima ndinathokoza kuti maliro ake ndi a kutali, sakundikhudza. Pa ukwatipo anavina pang'ono n'kukhala pansi, ife n'kumawaseka kuti agogo a mkwatibwi atopa msanga.

Ndinatuluka m'chipindamo moto uli m'mutu, n'kuwapeza mnzawo uja atakhala pabenchi m'khonde, atafunda mpango wawo. Ndinaiwala kuti ndi munthu wamkulu, amene anandinyamulapo kumsana. Ndinawafunsa kuti anali ndi mtima wanji kubisa chinthu chotere. Ndinati akanandiuza, amayi sakanabayidwa mankhwala amenewo. Ndinanena zambiri, anthu odutsa akutiyang'ana, ndipo iwo anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Wamaliza?" anatero. "Amayi ako anandilumbiritsa. Anati mwana ali ndi ukwati, asasokonezeke. Ukwati utatha ndinawauza kuti tsopano muuzeni, iwo anati za kale n'za kale, ndachira. Ine ndinawagonera pansi pa bedi masiku atatu muno, sindinabise chifukwa chowada. Ndipo tsiku lija munkapita kwa dokotala wa mafupa mtima wanga unali m'malo. Ndinati ngakhale asanene, buku likanena. Zonsetu zinali m'buku. Iwe sunalitenge?"

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, ndi diresi yanga yochapira, yonyowa kutsogolo. Anandigwira mutu n'kuutsamiritsa pa bondo lawo, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana.

Lolemba ndinapita kwa dokotala wa mafupa uja ndi mabuku onse awiri. Sindikudziwa chimene ndinkafuna. Mwina ndinkafuna andikalipire. Anawerenga tsamba lija nthawi yaitali, kenaka anavula magalasi. Anati palibe munthu angalumbire kuti jakisoni ndiye wachititsa, chifukwa mtima umene unagwidwapo kale ukhoza kugwidwanso ngakhale popanda mankhwala alionse, makamaka ngati munthu sakuonedwa. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, loti akanaliona bukulo akanatani. Anati akanawapatsa mapiritsi aja, n'kuwatumiza kaye kwa dokotala wa mtima. Ananena mofatsa, ndipo anawonjezera kuti ndisadziimbe mlandu. Mawu amenewo aliyense amanena, ndipo sathandiza.

Amayi anakhala masiku anayi. Lachiwiri m'mawa anatsitsimukako, anapempha phala, ndipo ndinkawamwetsa ndi supuni atatsamira mapilo awiri. Mawu awo anali ang'onoang'ono, koma nzeru zinali zonse. Anadandaula kuti phala lachepa mchere. Ine ndinali nditakonzekera zoti ndisawafunse kanthu, munthu akudwala, koma pakamwa panga sipanandimverepo chibadwire.

"Amayi, dokotala uja anakufunsani m'Chichewa. Munamva. Bwanji simunanene?"

Anatafuna phala lopanda chotafuna, akuyang'ana kuwindo.

"Unali utayankha kale."

"Mukananditsutsa."

"Pamaso pa dokotala? Utavala bwino chonchija, ukuyankhula Chizungu chako, iye akukumvera? Ndinene kuti mwana wangayu sakudziwa kanthu za mayi ake? Ndinakuphunzitsa kuti anthu azikupatsa ulemu, osati ndizikuvula pagulu ine ndemwe."

Ndinaika supuni m'mbale. Ndinati ulemu wanga unali chiyani poyerekeza ndi moyo wawo. Anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo ndili wamng'ono ndikayankhula zopusa pamaso pa alendo.

"Usadzitengere zonse, iwenso umakonda kukhala mwini wa chilichonse. Inenso ndinamva zimene ananena. Anati jakisoniyo amamanga msanga. Ndinkamufuna. Ndinaganiza za akulu anga pamphasa paja, ndinati bola ndiyese. Miyezi itatu ndayenda ndi miyendo yanga, ndapita kumpingo, ndadzisambitsa ndekha. Wandisambitsapo iwe?"

"Ayi."

"Ndiye ukulira chiyani? Bweretsa phalalo."

Anamwa masupuni ena awiri n'kukankha mbale. Ndinkaganiza kuti agona, koma anandigwira chala.

"Achimwene ako usawauze za mankhwalawa. Anathamanga nawo ndi mtima wabwino. Akamva, sadzagonanso tulo, ndipo ali okha kutali kuja. Iwe ndiwe wolimba. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndikanati chiyani? Munthu yemweyo amene chinsinsi chake chinatifikitsa pamenepo ankandisenzetsa china, ndipo ndinachilandira ndi manja awiri. Ndinawakwiyira pa nthawi yomweyo, ndipo ndimawakwiyirabe masiku ena ndikakhala pa minibasi n'kuona mayi wachikulire ali ndi jumbo ya mapepala m'manja. Koma mkwiyo umenewo sukhalitsa, chifukwa umabwerera kwa mwini wake, amene ndine.

Anatisiya Lachitatu masana, dzuwa likuswa mtengo, ine nditatsikira kunja kukagula madzi akumwa. Anali ndi mnzawo uja pambali. Mnzawoyo anati amayi sanavutike, anangopuma kawiri mozama n'kukhala chete. Achimwene anali m'njira, anafika m'mawa wake.

Maliro anachitikira ku Chirimba komweko. Amayi a mpingo anabwera ndi mabulauzi awo oyera, anadzaza bwalo mpaka kumsewu, ndipo oyandikana nawo a Chisilamu anakhala nafe masiku onse, akuphika ndi kutunga madzi. Itakwana nthawi ya mawu a banja, anaimirira achimwene. Iwo si munthu woyankhula pagulu, choncho ankawerenga papepala. Anathokoza mpingo, anathokoza anthu a m'dera. Kenaka anapinda pepala lija n'kunena kuti pali munthu mmodzi amene akufuna kumuthokoza pamaso pa onse.

"Ine ndinali kutali," anatero. "Ndinkangotumiza mankhwala. Koma mlongo wangayu ndiye anali maso a amayi, ndiye anali pakamwa pawo. Kulikonse kumene amayi sakanatha kudziyankhulira, iyeyu ankawayankhulira. Chimene chikunditonthoza lero n'chakuti palibe chimene tinalakwitsa. Tinachita zonse."

Anthu anavomereza chapansipansi, ena anatembenuka kundiyang'ana ndi maso achifundo. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anandisisita kumsana n'kunena kuti ana otere ndi osowa masiku ano. Mnzawo wa amayi uja anali patsogolo panga pang'ono, ndipo sanatembenuke. Achimwene anandiyang'ana, misozi ili m'masaya, akudikira kuti ndivomereze.

Ndinagwedeza mutu kuti inde.